Foni ya Bamake Mutinta

Mvula yoyamba ya chaka chino itagwa, fungo la fumbi lonyowa litalowa m'depoti, ndinakumbukira kuti chaka chakwana chimwalirireni Ba Hamoonga. Palibe amene anandikumbutsa. Alimi a ku Shimabala anali atafola kale panja kudikira mbewu ndi feteleza, ndipo ine ndinangopezeka ndatembenukira kuzenera kuti ndifunse ngati makina atseguka. Ndinachita manyazi ndekha, n'kubwerera ku ntchito yanga.

Ba Hamoonga anali wosunga katundu pa depoti yathu ya mbewu, feteleza ndi zakudya za nkhuku kuno ku Kafue. Thumba silinkatuluka pageti popanda pepala lochokera patebulo lawo. Ine ndine Misozi, wolandira ndalama, ndipo tebulo langa linayang'anizana ndi lawo kwa zaka zambiri. Anali munthu wamtali, wowonda, wa makutu aakulu. Ankabwera pa njinga kuchokera ku Nangongwe atamanga mwendo wa buluku ndi pegi yoyanikira zovala, ndipo sankayankha moni mpaka njingayo itatsamira pakhoma pamalo ake. Ukawapatsa moni ali pageti, umangodzivuta.

Sindinganame kuti anali munthu wofewa. Anali wamakani, ndipo makani awo ankatopetsa. Ine ndi iwo tinkakangana za zenera pafupifupi tsiku lililonse: iwo ankalifuna lotsegula, ine lotseka, chifukwa fumbi la malole a pamsewu wa ku Lusaka linkandiyambitsa chifuwa. Ankati munthu wobadwira m'banja la asodzi sangapume m'bokosi. Ndikatseka, ankadikira kuti ndipite kukamwa madzi, ndikabwera ndipeza latseguka, iwo ali phee ngati sakudziwa kanthu. Nsomba za m'madamu ankazinyoza kuti n'zopanda fungo la mtsinje, koma ndikabweretsa zanga masana ankadya ndithu, akunyozabe.

Mkangano wawo waukulu unali ndi bwana wathu, Ba Mulenga, mnyamata wa ku Kafue Estates wokonda kupemphera mokweza. Atangofika anakhazikitsa mapemphero a m'mawa, ndipo akayamba sankadziwa pothera. Ba Hamoonga ankapemphera Loweruka, mwakachetechete, ndipo ankati Mulungu alibe vuto la makutu. Tsiku lina pemphero lili pakati anatsegula maso, n'kunyamuka kukatsegulira alimi geti. Ba Mulenga anakwiya kwambiri. Ba Hamoonga anangowauza kuti anthu aja achoka kwawo kusanache, ndipo nawonso ndi ana a Mulungu yemweyo. Kuyambira pamenepo mapemphero anafupika, koma awiriwa anatha miyezi akulankhulana kudzera mwa ine.

Nthawi yomaliza imene ndinawaona ali moyo, anali atakhala pakhonde pawo ku Nangongwe, ntchito atasiya kale. Njinga inali pakhoma matayala ataphwa. Anandifunsa za alimi powatchula mayina, anandifunsa ngati denga la kumbuyo likudonthabe, koma za laputopu sanafunse, ndipo inenso sindinaitchule. Ndinawabweretsera nsomba za mumtsinje zenizeni. Anathokoza bwinobwino osanyoza chilichonse, ndipo m'pamene ndinachita mantha.

Laputopuyo inabwera m'katoni kuchokera ku likulu la kampani ku Lusaka. Isanabwere, Ba Hamoonga anali ndi kompyuta yakale, chimphona cha msana waukulu chimene chinkalira ngati chigayo chakutali. Nayonso poyamba inawazunza, koma anaiweta. Ankalemba ndi zala ziwiri, lilime lili pakona ya pakamwa, ndipo mawu otsegulira anali amodzi omwewo chaka ndi chaka. Akazi awo, Bamake Mutinta, anaisokera chovundikira cha chitenje chobiriwira kuti isalowe fumbi. Madzulo alionse ankaivundikira, n'kuisisita pamwamba kamodzi asananyamule chipewa.

Tsono a ku likulu anati makompyuta akale onse achoke, aliyense alandire laputopu. Munthu wotithandiza sanabwere. Anatitumizira mawu pafoni, mawu aulemu kwambiri a munthu amene sitinamuonepo nkhope, ndipo mawuwo ndi amene anatiyendetsa tsiku lonse. Pasiwedi ikhale yaitali, ikhale ndi chilembo chachikulu, nambala ndi kachizindikiro. Isakhale dzina la mwana. Isalembedwe papepala. Ikatha nyengo yake isinthidwe, ndipo yatsopano isafanane ndi yakale. Ukailemba bwino, udikire makina alumikizane ndi likulu, ndipo netiweki ikagwa pakati uyambirenso. Ine amene ndimadziyesa wa masiku ano mutu unandiwawa. Ba Hamoonga anali thukuta kamukamu, magalasi akutsetserekera pamphuno.

Titaganiza kuti tamaliza, mawu aja anati kwatsala chimodzi. Tsiku lililonse laputopu ikatsegulidwa izitumiza funso ku foni ya mwini wake, kufunsa ngati alidi iyeyo amene akufuna kulowa, ndipo mwini wakeyo azidina kuvomera. Ba Hamoonga anatulutsa kafoni kawo ka mabatani komangidwa ndi mphira. Mawu aja anapepesa kuti kameneko sikangathe, pakufunika foni yaikulu ya galasi.

"Manje ine nilibe," anatero Ba Hamoonga. "Koma ku nyumba iliko. Mutinta anagulila bamai bake."

Mawu aja anangoti bola foniyo ikhale pafupi. Sanafunse zambiri, ndipo ifenso sitinaganize zambiri.

M'mawa mwake Bamake Mutinta anabwera okha ku depoti, foni itamangidwa pakona ya chitenje. Anali mayi wamfupi, wonenepa, wa mawu okwera, wogulitsa tomato ndi repu pamsika wa ku Nangongwe. Anakhala pa thumba la chakudya cha nkhuku ife tikulimbana ndi kuikamo zofunikazo. Zitatheka, Ba Hamoonga anatambasula dzanja kuti atenge foniyo. Mayiwo anaibweza m'chitenje, n'kuwayankha bambo a Mutintawo.

"Iyayi, Bashi Mutinta. Makasitoma banga banitumila pamene apa. Na bazukulu nibaonela pamene apa. Imwe muzinitumila chabe, ine nizatinika."

Ndi mmene zinayambira: iwo kuimba, mayiwo kudina. M'mawa uliwonse Ba Hamoonga ankatsegula laputopu, kulemba pasiwedi mwina kawiri mwina katatu, kenako n'kuimba. Kafoni kawo kanali ndi vuto limodzi: mawu a munthu wa mbali inayo ankamveka ofesi yonse mpaka pazenera. Choncho tonse tinkamva.

"Bamake Mutinta, yafunsa."

"Yafunsa chani?"

"Ati nindine?"

"Manje ine nizaziba bwanji kuti nindimwe? Kambani, munadya chani mailo usiku?"

Ba Hamoonga ankang'ung'udza kuti anthu akudikira, mayiwo n'kumaseka kumsika uko, phokoso la ogula likumveka kumbuyo. Tsiku lina ankati sadina mpaka alonjezedwe makala. Tsiku lina ankati munthu amene wasiya thaulo lonyowa pabedi samudziwa. Koma pomaliza ankanena mawu omwewo, akuti, "Nindimwe, navomela," ndipo laputopu inkatseguka. Ba Hamoonga ankaika foni pansi akudandaula kuti kampani yawaika m'manja mwa mkazi, kuti ukalamba wawo wanyozeka. Ankadandaula akumwetulira. M'zaka zonse zimene ndinagwira nawo ntchito sindinawamvepo akulankhula ndi akazi awo kwambiri ngati m'miyezi imeneyo, ndipo ngakhale Ba Mulenga ankachedwetsa dala kulowa mu ofesi yawo kuti amve za tsikulo.

Laputopuyo sanaizolowere konse. Chala chawo chikakhudza pakati mwangozi, zonse zinkathawa pagalasi. Nthawi zina inkaganiza yokha zodzikonza, n'kuzima pamene lole ili pageti. Ikafuna pasiwedi yatsopano, tsiku limenelo tinkadziwiratu kuti chakudya cha masana tidya mochedwa. Ankati kompyuta yakale inali ngati galu wa pakhomo, koma iyi ndi mlonda wa eni ake amene amakuiwala usiku uliwonse. Komabe madzulo ankaivundikira ndi chitenje chija, ngakhale chinali chachikulu kwambiri moti chinkangolendewera m'mbali mwa tebulo.

Bamake Mutinta anadwala m'nyengo yotentha, mvula ili pafupi. Sanadwale nthawi yaitali. Masiku oyamba ankadinabe ali gone kuchipatala, mawu atachepa, nthabwala zitatha. Kenako m'mawa wina Ba Hamoonga sanabwere ku ntchito, ndipo uthenga unatipeza tisanatsegule geti.

Maliro atatha, abale a mayiwo ochokera kumidzi ya ku Mazabuka anakhala pansi kugawa katundu. Kwa anthu a kwawoko, zinthu za mkazi zimabwerera kwa abale ake, ndipo mwamuna wofedwa amakhala pamphasa mutu uli pansi, osatsegula pakamwa. Ine ndinali pakati pa amayi kumbali ya khitchini. Ndinaona zitenje zikutuluka, mapoto, nsapato, beseni la kumsika. Kenako wina anatulutsa foni ija n'kuiika pamphasa pakati pa mbale. Ndinayang'ana Ba Hamoonga, ndipo ndinaona kuti nawonso aiona. Anaiyang'ana mpaka pamene mkulu wogawayo anaipereka kwa mng'ono wa malemu, Ba Luyando, kenako anabweza maso pansi.

Anthu andifunsapo kuti bwanji sananene. Amene amafunsa choncho sanakhalepo pamphasa imeneyo. Mwamuna wopempha foni ya mkazi wake tsiku logawa katundu, anthu amati akulanda za malemu, kapena muli zimene akubisa. Mutinta, mwana wawo, anali kulira m'chipinda, ndipo za funso la m'mawa sankazidziwa n'komwe. Ine ndinali mlendo wochokera kuntchito, wa mtundu wina, wopanda pakamwa pa mwambo wa eni ake. Foni inakwera basi madzulo omwewo.

Anabwerera ku ntchito mvula itayamba, nthawi imene depoti imadzaza. Anatsamiritsa njinga, anavundukula laputopu, analemba pasiwedi. Makina anati atumiza funso ku foni. Anakhala nthawi yaitali akuyang'ana kafoni kawo. Dzina la akazi awo linali lomwelo m'kafonimo, sanalisinthe. Ataimba, kunayankha mawu ofanana kwambiri ndi a malemu moti ine ndinagwira pakamwa. Ba Hamoonga anadula foni. Anapita kuseri kwa matumba a feteleza, ndipo ife tinanamizira kutanganidwa.

Atabwerako anaimbanso, n'kufotokoza m'Chitonga, pang'onopang'ono. Ba Luyando anali munthu wabwino, anavomera. Koma kumudzi kwawo netiweki imapezeka pachulu, ndipo funso lija silidikira munthu. Akamafika pachulupo linali litatha mphamvu, Ba Hamoonga ayambirenso, aimbenso. Masiku ena zinkatheka dzuwa litakwera kale, masiku ena foni inali yozima chifukwa kulibe kotchajira. Choncho m'mawa uliwonse bambo wofedwa kumene ankaimbira mlamu wake kangapo konse, ndipo mlamuyo ankasiya ntchito zapakhomo n'kuthamangira kuchulu ndi foni m'manja. Kumudzi anthu ali ndi maso. Amakumbukiranso kuti kale mwamuna wofedwa ankapatsidwa m'bale wa mkazi wake.

Tsiku limene sindidzaliiwala, mvula inali itagwa usiku wonse ndipo mzere wa alimi unafika kumsewu. Ena anali atatsamira pazenera lija, lotsegula monga mwa nthawi zonse. Ba Hamoonga anaimba. Kunayankha mwamuna. Analankhula Chinyanja dala, ndikuganiza, kuti ngati pali ena pafupi nawonso amve.

"Imwe bakulu, mufuna chani kuli mukazi wanga? Banu mwashika ku manda mailo chabe, manje mwayamba kusakila wanga? Daily foni, daily foni! Mulibe nsoni?"

"Ni va nchito, mulamu," anatero Ba Hamoonga. "Ni laputopu ifunsa..."

"Laputopu ifunsa mukazi wanga? Ivo vintu vanu navichosamo. Musatume futi."

Ofesi yonse inamva, pazenera anamva. Mlimi wina anaseka pang'ono, mnzake n'kumugunda ndi chigongono. Ba Hamoonga, munthu amene anadula pemphero la bwana pakati, munthu amene sankagonja pa nkhani ya zenera, anangoika foni pansi. Anatseka laputopu mofatsa, anaivundikira ndi chitenje dzuwa lili m'mawa, n'kuika manja awiri pamwamba pake.

Zotsatira zake zinali kuzungulira kokhakokha. Ndinaimbira ku likulu, mawu aulemu aja anati dandaulo lilembedwe kudzera pa laputopu ya mwini wake. Ndinati laputopuyo ndi imene yatsekeka. Anati ndiye alembe bwana. Ba Mulenga analemba, ndipo ndinene zoona, mnyamatayo anayesetsa, anaimba mpaka kukalipa, zimene sankachita kwa akuluakulu ake. Yankho linabwera lakuti posamutsira funso ku foni ina, foni yakale ivomereze kaye. Ndinapereka yanga, anati foni imodzi singavomerere antchito awiri. Pomaliza anati mwini wake apite yekha ku Lusaka ndi chitupa chake. Anapita pa minibasi atavala jekete limene anavala pa maliro a akazi awo, anapeza woyenera kuwathandiza ali ku msonkhano. Anapitanso sabata yotsatira. Mutinta atamva nkhani yonse analira, n'kutumiza foni yatsopano kuchokera ku Kitwe kumene amagwira ntchito.

Koma alimi sangadikire kuti Lusaka imalize misonkhano, mvula ikugwa. A ku likulu anasamutsira ntchito yotulutsa katundu pa laputopu ya Ba Mulenga, akuti mongoyembekezera. Ba Hamoonga ankabwerabe m'mawa uliwonse, kutsamiritsa njinga, kukhala patebulo lopanda ntchito. Ankayenda pakati pa matumba akuwagunda ndi dzanja. Tsiku lina ndinawapeza akusesa pakhomo, ndinawalanda tsache mwaukali, ndipo ukaliwo sunali wa iwo. Usiku ndinkagona ndikuganiza munthu wina woti ndimuimbire, m'mawa n'kupeza kuti onse ndinawaimbira kale.

Zonse zitakonzeka, chimanga chinali chitafika m'chiuno. M'mawa umenewo Ba Mulenga ndi ine tinaima kumbuyo kwawo ngati tikuperekeza mwana ku mayeso. Analemba pasiwedi yatsopano, inalola. Foni yatsopano ija, ili patebulo pambali pa laputopu, inawala n'kunjenjemera. Funso linali pagalasi, malo odina ali poonekera.

"Tinikani apo, batate," ndinatero.

Sanadine. Anangoiyang'ana, chala chili m'mwamba.

"Manje nizizivomela neka?" anafunsa, osayang'ana aliyense wa ife.

Funso linatha mphamvu, galasi linada. Ba Mulenga anatuluka panja mofulumira, ndipo ndinawaona pazenera akupukuta m'maso ndi tayi. Tinayambiranso, ndipo kachiwiri anadina. Laputopu inatseguka bwinobwino, popanda vuto lililonse.

Anagwirako ntchito milungu ingapo, koma sanalinso iwo. Ankaiwala pasiwedi, makina n'kuwatsekera kunja, ife n'kuimbanso ku Lusaka. Ankachedwa kudina. Mapepala ena ankatuluka olakwika, chinthu chimene kale sichinkachitika. A ku likulu anaona kuti depoti yayenda nyengo yonse yobzala popanda tebulo lawo, ndipo anawalembera mwaulemu kuti zaka zawo zakwana, akapume. Ba Mulenga anakana kuwapatsa kalatayo pamanja kwa masiku angapo, koma kukana kwawo sikunasinthe kanthu. Tsiku lomaliza Ba Hamoonga anapukuta laputopu ndi mpango, anakulunga chingwe chake bwinobwino, n'kuibweza m'katoni momwe inabwerera, imene anali ataisunga pansi pa tebulo nthawi yonseyo. Anamwalira mvula yotsatira itangoyamba. Achipatala anatchula matenda ake, ndipo ine sinditsutsana nawo.

Ndimakwiyabe, koma sindidziwa woti ndimukwiyire. Mawu a ku Lusaka aja anali aulemu nthawi zonse ndipo ankatsata zimene anauzidwa. Abale a malemu anachita mwambo wawo. Ngakhale mwamuna wa Ba Luyando anabwera pa maliro a Ba Hamoonga, ananyamula nawo bokosi, nkhope ili pansi. Ine m'mawa uliwonse laputopu yanga imandifunsa ngati ndine, ndimadina, tsiku n'kuyamba.

Pamalo pawo sanalembepo munthu wina. Tebulo likadali pakona ya kuzenera, ndipo anyamata onyamula katundu amaikapo makapu awo a tiyi, ine n'kumawakalipira. Pakhoma la panja pali kamzere kakuda pamene chogwirira cha njinga chinkakhudza, ndipo opaka penti anakadumpha chifukwa Ba Mulenga anawauza kuti akasiye. Msomali wa chipewa ulipo. Pegi yoyanikira zovala ndinaipeza m'dirowa, ndinaisiya momwemo. Chitenje chobiriwira chija Mutinta anati tisunge, choncho chili patebulopo chopindidwa, chifukwa palibe choti chivundikire. Zenera ndimalitsegula ndekha ndikangofika, ndipo fumbi la malole limalowa n'kukhala pa chitenjecho. Madzulo ndimachikung'untha, ndikutsokomola, n'kuchibwezera pamalo ake.